Mphako ya Pakona pa Sitolo ya Utoto

17 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kukhalapo kwake ndi komweko. Mankhwala a mutu amene munatumizira bambo aja anafika, zikomo kwambiri, koma musatumizenso. Ali m'kabati osatsegula, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndakhalira pansi kulemba kalata m'malo moimba foni. Pa foni ndikangomva mawu anu mtima umandithawa, ndimangothera kukufunsani za mvula.

Mukukumbuka mmene bambo ankatitopetsera tili ana? Zaka makumi atatu akukonza misewu, kwa iwo kunalibe chinthu chongotchedwa dzenje basi. Losaya ankati kambale. Lozungulira lakuya, lophulitsa mateyala lija, ankati mtondo. Likasunga madzi ndi chithaphwi, likang'ambika m'mbali mwa msewu motsata madzi ndi khwawa, ndipo khwawa likakula mpaka kumeza ngalande ndiye chigwembe. Inu munkawaseka kuti tsiku lina adzatchanso maina mabowo a m'masokosi awo, iwo n'kukuyankhani osaseka kuti amenewo anawatcha kale, ndi una wa chala chachikulu.

Koma panali limodzi limene ankalitchula motsitsa mawu: mphako. Pamwamba limaoneka ngati kambale kosalakwa, pomwe pansi madzi adya dothi lonse, phula langotsala lendelende. Ndi maso sungalidziwe. Umagogoda katatu ndi ndodo yachitsulo n'kutchera khutu. Msewu wamoyo umayankha mogontha, mphako imalira ngati mgolo wopanda kanthu. Anandiphunzitsa zimenezi ndisanayambe n'kumeta ndevu komwe.

Lero kapitawo wa gulu lawo lija ndine, monga mukudziwa, ndipo fomu imene timalemba ili ndi timabokosi titatu tokha: laling'ono, lapakati, lalikulu. Laling'ono timalitseka tsiku lomwelo. Kukumba msewu kumafuna makalata, makina, ndi kuimitsa magalimoto masabata awiri, ndipo kapitawo wopempha zimenezo mabwana samuiwala msanga.

Mu Novembala tinkagwira pakona pa sitolo ya utoto, kumunsi kwa nyumba yathu. Tikutenthetsa phula, bambo anatulukira ndi ndodo yawo yachitsulo ija, imene tsopano amayendera. Anaima pa kadzenje kamene tinali titasesa kale, n'kugogoda katatu.

"Kapitawo, tabwera udzamve," anandiitana.

"Bambo, pitani kunyumba, dzuwali likupwetekani."

"Iyi ndi mphako, mwana wanga. Paipi ya pansi apa yasweka. Usatseke, kumba."

Anzanga a ntchito anayamba kutsinana. Wina anati, "Madala abwera kudzatiyendera, tivule zipewa." Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Achemwali, apa ndi pamene ndakhala ndikukubisirani. Ndinamva. Pamene ankagogoda ndinali pafupi, ndipo msewu unalira ndendende mmene anandiphunzitsira. Ndinamva ndi makutu angawa, komabe ndinachonga kabokosi ka laling'ono, tinathira miyala ndi phula, tinatsendera bwinobwino mpaka panaoneka pokongola kuposa msewu wonse.

Kuyambira mawa lake bambo ankadzuka m'mawa, kumanga nsanza yofiira ku ndodo yawo, n'kukaima pakonapo kukupiza magalimoto kuti alambalale. Ena ankawamvera, ambiri ankawatukwana. Mbiri inafala yoti bambo ake a kapitawo mutu wawo wasokonekera. Ndi nthawi imeneyo imene ndinakuuzani kuti ayamba kuiwalaiwala ndi kuyenda mumsewu mopanda cholinga, inu n'kulira pa foni, n'kuthamangira kukafuna mankhwala. Ndinanama. M'nyumba muno munthu wa mutu wabwino anali iwo okha.

Mwezi watha bwana wina anadutsa pakonapo, ndipo pamsonkhano anafunsa kuti nkhalamba yotichititsa manyaziyo ndi ya yani. Aliyense anayang'ana ine. Mawa lake ndinaika ndodo yawo pamwamba pa kabati, ndipo potuluka ndinatseka geti ndi loko. Ananditsatira akukhukhuza mapazi, atagwira khoma.

"Tsegula, Kapitawo. Mvula yagwa masiku atatu. Lero ndiye lero."

"Mupume, bambo," ndinatero, kiyi n'kuponya m'thumba.

Isanakwane naini koloko, lole ya mchenga inamira pakonapo mpaka kutsogolo konse osaoneka. Dzenje lake chipinda chathu chochezera chingalowe, mipando n'kutsalanso malo. Woyendetsa loleyo ndi mmodzi mwa amene ankamvera bambo. Masiku onse ankawaimbira hutala yowapatsa moni, n'kukhotera mbali inayo. Tsikulo sanaone nsanza yofiira, ndiye anaganiza kuti takonza. Anamutulutsa wamoyo, koma miyendo yonse iwiri anaidula kuchipatala. Ali ndi ana anayi. Ndafika pakhomo la chipinda chimene agonekedwa kawiri konse, ndipo kawiri konse ndabwerera pomwepo.

Mwina mukuganiza kuti ntchito inandithera. Ayi ndithu. Kunabwera ofufuza, anaona fomu yanga, anapeza kuti inalembedwa bwino, tsiku lake ndi sitampa yake zonse zilipo. Anati wolakwa ndi mvula. Anandipatsa fomu ina, ndipo ulendo uno ndinachonga lalikulu.

Bambo phokosolo analimva ali kuseri kwa geti. Kuchokera tsikulo sanayankhulenso ndi wina aliyense. Adokotala anawayeza, akuti lilime lili bwino, mutu uli bwino. Mlamu wanu akawapatsa chakudya amalandira masupuni awiri atatu, koma ndikawapatsa ine amatseka pakamwa. Mphete ya malemu amayi ija, imene bambo amavala, inayamba kuwavuka pachala, ndiye tinaimanga ndi ulusi. Ndodo ndinawabwezera, ndinaiika pambali pa bedi, mpaka lero sanaikhudze. Geti limakhala lotsegula tsiku lonse, palibe wotuluka.

Chonde bwerani, Achemwali, musadikire tchuthi cha ana. Sindikupempha kuti mudzandikhululukire. Ndikungoti mwina inu angakuyankheni, ngakhale kunena zoona sindikukhulupirira. Mukabwera mudzawafunse dzina limene ankatcha timizere tiwiri timene mateyala amakumba mumsewu wofewa. Ndayesa kulikumbukira sabata yonse, landithawa, ndipo kuntchito kulibe wolidziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, makamaka wamng'ono uja amene anatengera mphuno ya agogo ake. Mlamu wanu akupereka moni, akuti mubweretse juzi, kuno m'mawa kukuzizira. Moni wa bambo ndilibe. M'mawa uno ndinagwada pafupi ndi bedi lawo, ndinati, "Bambo, ndikulembera achemwali, ndiwauze chiyani?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja, anandigogoda pachifuwa katatu ndi chala, n'kutchera khutu. Atamva zimene anamvazo anatembenukira kukhoma.

Sindinawafunse chimene anamva.

Ndine mlongo wanu,
Kapitawo