Ndinapeza Seti, Koma Ndilembanso

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji masiku ano? Kuno ku Zobwe mvula yoyamba yagwa sabata yatha, phiri lonse likununkhira dothi lonyowa. Ine ndili bwino, a Domingu akamwini anu nawonso ali bwino. Ndachedwa kukulemberani chifukwa nkhani imene ndinali nayo inkandiwawa pakhosi. Tsopano yatsika, ndiye khalani pansi ndikuuzeni zonse.

Ndiyambe ndi zokoma. Muja munandiyang'ana muli gone m'chipatala ku Mowatize n'kunena kuti, "Iwe, nkhope yakoyi si ya munthu mmodzi," munalondola. Ine ndinali ndisanadziwe n'komwe. Mwana anabadwa mu Malichi, wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Anastaziya. Pano akukwawa, wamera mano awiri, ndipo chilichonse chimene wachipeza pansi chimathera m'kamwa. Vuto lake n'lakuti ndimalephera kumukalipira. Ndikati ndikuwe kuti, "Anastaziya, lavula dothilo!" zimakhala ngati ndikukalipira inuyo.

Kachewere chaka chino anatikomera, magalimoto a ku Tete ankafika mpaka kumunda. Kabichi anadyedwa ndi mphutsi, ndipo tomato anangopsa masamba onse asanabereke. Kumudzi watsopano kuja anatisamutsirako, m'nyumba mwanu mukukhala achimwene a Zakariya ndi akazi awo. Chimanga chawo chinafika m'chiuno n'kuima pomwepo, monga mwa masiku onse. Mbuzi zanu zokha ndizo sizikudandaula, yamawanga ija inaswa mapasa. Azakhali a Marita bondo likuwavutabe, koma kutchalitchi sajomba, ndipo nyimbo imene munkayambitsa inu tsopano amayambitsa ndi iwowo, ngakhale amaikweza kwambiri mpaka amayi ena amaisiyira panjira.

Tsopano nkhani ija. Mayeso olowera ku univesidade, sukulu yaukachenjede ija, kukaphunzira za ulimi, ndinakalembadi mu Januwale monga ndinakulonjezani. Ndinakwera shapa, minibasi zathu zija, kuchoka kuno mpaka ku Tete mimba ili patsogolo, miyendo itatupa ngati misi. Kutentha kwa ku Tete mukukudziwa. M'chipinda cholemberamo munadzaza ana ongomaliza kumene sukulu, ena a msinkhu woti ndikanawabereka kumbuyo ali makanda. Biyolojiya ndinalimbana nayo ndithu. Koma atabweretsa pepala la kimika, sayansi ya kusakanikirana kwa zinthu ija, Amayi, ndinaliyang'ana, nalonso linandiyang'ana. Mwana akuponda m'mimba, thukuta likudonthera papepala, ine ndikungotola mayankho ngati munthu wosankha nyemba m'maso muli utsi.

Zotsatira zinatuluka nditatsala pang'ono kuchira. A Domingu ndiwo anaziona pa foni ali kumsika, ndipo anafika pakhomo akuyenda ngati munthu wobweretsa uthenga wa maliro. Biyolojiya ndinakwanitsa pang'ono. Kimika ndinapeza seti pa vinti. Inu sukulu simunapiteko, ndiye ndinene m'chinenero chanu: pa njerwa makumi awiri zimene ndinaika mu uvuni, zinapsa zisanu ndi ziwiri zokha. Malo anatenga ena. Ndinalira, sindikubisirani. Ndinalira mpaka apongozi anaopa kuti mwana abadwa tsiku lomwelo.

Masiku amenewo ndinkakumbukira kwambiri ku Mithete, tisanasamutsidwe, muja munkaumba njerwa m'mbali mwa mtsinje wa Revubwe. Uvuni ukakukanani, njerwa zikatuluka zosweka, simunkakhala pansi. Munkangoti, "Uvuni wakana, koma dothi silinasamuke," n'kutenga chikombole. Kenaka malasha anapezeka pansi pa nyumba zathu, ife n'kukwezedwa m'magalimoto pamodzi ndi mbuzi ndi mitondo. Tsiku loyamba kumalo atsopano munawerama, n'kutapa dothi, n'kulifikisa m'manja. Linangoyoyoka, miyala yokhayokha. Munandiyang'ana n'kunena kuti, "Ili sindikulidziwa, silindiuza chimene likufuna. Iwe wa kusukulu, udzalifunse." Mwina munkangoyankhula, Amayi, koma ine ndinazitenga. Sukulu inandidukira pa msamuko uja, ndinaimaliza mochedwa, ndinakwatiwa, ndinabwera kumapiri kuno, koma mawu amenewo sanandichoke.

Pasaka itangodutsa, achimwene a Zakariya anabwera pa njinga yamoto, atavala yunifolomu yawo ya kumgodi ngakhale linali Lamlungu. Tinakhala pakhonde, ine, iwo, a Domingu ndi apongozi aakazi. Atamuona mwana n'kumunyamula pang'ono, anayamba.

"Mlongo, wayesa, tonse taona. Tsopano tamvera. Kukhitchini ya kampani ina ku Benga akufuna munthu wodziwa kulemba Chipwitikizi. Ndakulankhulira kale. Malipiro mwezi ndi mwezi, chakudya pomwepo. Anthu akuilirira ntchito imeneyi."

Ndisanayankhe, apongozi analowererapo. "Za ku Benga ayi, mwanayu akadali wakhanda. Koma za sukuluzi zithe basi. Kodi munthu amapita ku univesidade kukaphunzira kulima? Khasu si ilo lili apolo? Ine ndalima moyo wanga wonse, ndani anandipatsa mayeso?"

Anaseka onse, ngakhale a Domingu anamwetulira n'kuyang'ana pansi. Kenaka achimwene anatsitsa mawu. "Ngati ukuumirira, pali munthu wina ndimacheza naye ku Mowatize, akuti amadziwa makomo olowera. Tigulitse mbuzi za amayi, timupatse, chaka chamawa dzina lako lituluke popanda kutuluka thukuta."

Amayi, mukudziwa kuti sindinayankhepo achimwene mokweza chibadwire. Tsiku limenelo ndinamva kutentha kuchokera kumapazi. Ndinati, "Achimwene, mbuzi za amayi sizigula nota ya mayeso. Seti ujayo ndi wanga, ndinamupeza ndekha ndi mimba yanga. Ndikadzapeza woposa pamenepo, adzakhalanso wanga. Ndipo munthu wanuyo, ngati amadziwa makomo, bwanji iyeyo sanalowe?"

Kenaka ndinatembenukira kwa apongozi, ndinagwada bwinobwino. Ndinati, "Amayi," (ndimawaitana choncho, musachite nsanje) "khasu ndikulidziwa, matuza ake ndi awa. Koma tomato wathu wapsa tikuona, ndipo palibe mmodzi pakhonde pano amene angandiuze chifukwa chake. Timangogula mankhwala kumsika m'mabotolo opanda dzina, n'kumawaza ngati madzi odalitsa. Ine ndikufuna kudziwa. Ndilembanso."

Achimwene anayang'ana a Domingu n'kufunsa kuti, "Alamu, nyumba ino ilibe mwamuna?"

Mukuwadziwa akamwini anu, mawu awo amawasunga ngati mbewu. Anakanda kumutu nthawi yaitali, kenaka anati, "Alamu, mlongo wanuyu ndinamukwatira ali ndi mabuku m'manja. Palibe anandibisira."

Achimwene ananyamuka osadya. Anakhala miyezi osandiimbira, ndikaimba ine ankapatsa foni akazi awo.

Sindikunamizani kuti mtima sunagwedezeke. Ntchito ija anaitenga Selina, mwana wa oyandikana nanu aja, ndipo pano wagula firiji, akugulitsa madzi ozizira pakhomo. M'nyengo yozizira Anastaziya anadwala chifuwa, tinagona naye m'chipatala, a Domingu anagulitsa mbewu ya kachewere imene tinasungira kubzala. Nditakhala pabenchi la chipatala ndinadzifunsa kuti, kodi ndine mayi wanji, wokana ntchito chifukwa cha pepala limene linandikana kale? Chimene ndinadziwa n'chakuti ndikasiya tsopano, ndidzakalamba ndikuuza mwana wanga kuti amayi ako anayesa kamodzi. Kamodzi, Amayi! Inu amene munkati ngakhale nkhuku siikira dzira limodzi n'kupuma.

Mwana atachira ndinapita kusekondale ya konkuno, ndinafunsa mphunzitsi wa kimika. Ndi mtsikana, purofesora Ilda, wamng'ono kwa ine. Ndinamuuza zoona zokhazokha, kuti kimika ndinaiphunzira moduladula, ndinkangoloweza osamvetsa, ndipo ndikupempha kukhala kumbuyo kwa kalasi yake masana. Anandiyang'ana, anayang'ana mwana kumsana, n'kunena kuti, "Akuluakulu akalola, bwerani. Koma ndidzakufunsani mafunso ngati wina aliyense." Akuluakulu analola.

Tsiku loyamba ana anaseka. Anandipatsa dzina loti titiya, ndiye kuti azakhali, ndipo ndikalakwitsa yankho ankaombera m'manja. Ndinawasiya. Tsiku lotsatira ndinakwezanso dzanja, ndinalakwitsanso, mpaka kuseka kunawatopetsa. Chimene chinkandivuta ndi Anastaziya. Akayamba kulira ndinkatuluka naye, n'kuima panja pawindo, kope nditalitsamiritsa kukhoma, ndikulemba uku ndikumugwedeza.

Tsiku lina ndili chiimire choncho padzuwa, apongozi anadutsa akuchokera kuchigayo, thumba la ufa lili pamutu. Anaima kumpanda n'kundiyang'ana. Ine ndinaganiza kuti lero ndiye ndimva zonse pamaso pa ana asukulu. Anatula thumba lija, analowa, n'kuyamba kumasula nsalu kumsana kwanga. Anati, "Bweretsa kuno mwanayo. Ngati uli ndi misala, misala yakoyo isawotche mdzukulu wanga padzuwa. Lowa." Kuyambira tsiku limenelo masana aliwonse mwana amakhala ndi iwo. Maganizo sanasinthe ayi. Akamandilandira mwana amanenabe kuti, "Pita kumisala yako." Koma salephera, ndipo ndikachedwa kunyamuka amandikumbutsa ndi iwo omwe.

Tsopano zinthu zayamba kulowa, Amayi. Pang'onopang'ono, ngati madzi pa dothi louma, koma zikulowa. Tsiku limene purofesora anafotokoza kuti dothi limatha kuwawasa, ndipo likawawasa mbewu imalephera kudya ngakhale chakudya chili pomwepo, ndinakumbukira dothi la kumudzi watsopano lija, ndinaiwala kuti ndili m'kalasi, ndinakuwa kuti, "Ndiye chimenecho!" Ana anasekanso, koma purofesora sanaseke. Mayeso oyeserera oyamba ndinalephera. Achiwiri ndinadutsa pang'ono, mongokhudza. Sindikuti ndafika. Amene ndikupikisana nawo alibe munda, alibe mwana, ena ali ndi aphunzitsi owaphunzitsira kunyumba. Ine ndimawerenga m'mawa ndisanapite kumunda, ndi masana m'kalasi, kwinako ndimabwereza pamtima ndikupalira. A Domingu akuti kachewere wa mvula ino adzatuluka wodziwa kimika.

Dzulo ndinapita ku Tete kukalembetsa mayeso. Shapa inatitsitsa ku Mowatize kuti tisinthe ina, ndipo ndili chiimire pasiteji, fumbi lakuda likundilowa m'maso, ndinangomva njinga yamoto yaima pambali panga. Achimwene. Akazi awo ndiwo anawauza kuti ndidutsa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukadali pomwe paja?"

"Ndikadali pomwepo, achimwene."

"Kwera."

Ndinakwera, ananditengera mpaka ku Tete. Anandidikira panja pamthunzi ine ndili pamzere, ndikujambulitsa, ndikusainira. Nditatuluka anandigulira madzi ndi buledi, n'kunena akuyang'ana kumbali kuti, "Ukalepheranso usadzalire kwa ine."

Ndinati, "Ndikalepheranso sindidzalira kwa aliyense. Ndidzalembanso."

Anapukusa mutu, anafuna kukwiya, koma kuseka kunawapambana. Anati, "Amayi enieni. Anapita n'kutisiyira wina." Ndipo pamene ankatero, maso awo anali atafiira. Ananena kuti ndi fumbi.

Ndiye zili choncho, Amayi. Mayeso ali mu Januwale. Anthu kuno agawikana, ena akuti ndikuchititsa manyazi mwamuna wanga, ena amatumiza ana awo kudzandifunsa homuweki mozemba. Onsewo ndimawapatsa moni mofanana. Ndikatuluka m'mayesomo ndidzadzera kumanda kwanu, ndidzalambula udzu wa mvula ino, ndipo ndidzakuuzani mmene zayendera, zikome zisakome. Limenelo ndi lonjezo.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Tsikulo likafika, musavutike n'kundipempherera kuti mafunso akhale ofewa. Abwere mmene angabwerere. Inu mudzangondigwira dzanja kuti lisanjenjemere, zotsalazo ndidzachita ndekha.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kalekale, wamakani uja,

Felizarda