Galu wa ababa wamwa madzi

Lachinayi, ku Lizulu. Tsiku lotopetsa.

Amanama amene amati ndimajambula chilichonse kuti nditchuke pa intaneti. Lero sindinajambule kanthu.

Ababa anasambitsa galu wawo ndi mankhwala opopera mbatatesi kuti aphe nkhupakupa, zomwe ndimaletsa m'mavidiyo anga onse. Galuyo ndi Digiri, dzina limene anamupatsa pondinyoza nditasiya yunivesite.

Ababa anabwera naye kwanga atamunyamula m'manja, galuyo thovu lili kukamwa. "Mwana wanga, nditani?"

Mawu akuthwa ndinali nawo, koma ndinangothamangira kukatunga madzi. Ine ndi ababa tinamutsuka galuyo ndi sopo mpaka alangizi a ziweto anafika.

Madzulo ano Digiri wamwa madzi. Ababa akadali pakhonde panga, mutu wa galuyo uli pamiyendo pawo.