Fomu ya Manzere

Chipinda 17,
Hostelo ya Atsikana,
Lachitatu, pa 12 Juni.

Wokondedwa Manzere,

Ndikudziwa kuti ukangoona kunenepa kwa envulopuyi uyamba waseka, n'kunena kuti Wailesi wayambapo, ndipo ulendo uno palibe pomuzimitsira. Seka ndithu, koma uwerenge mpaka kumapeto. Foni yako ndaimba mpaka ndayamba kudana ndi mayi uja amene amangoti nambala imeneyi siikupezeka. Dzulo ndinawapeza pa depoti amalume ako oyendetsa basi aja, ndipo anandiuza kuti foniyo inagwera m'ndowa kuchipatala. Iwowo ndi amene akupatse kalatayi, chifukwa anyamuka mawa m'mawa.

Amayi ako ali bwanji? Amalume akuti dzanja limene linafa lija layamba kugwedezeka, ndipo tsopano akumagwira okha kapu. Nditamva ndinalira pa depoti pomwepo, mpaka amalume ako anachita kundigulira madzi. Uwauze amayi kuti mwana wawo wolongolola uja amawapempherera tsiku lililonse.

Pali nkhani imene ndiyenera kukuuza, ndipo ndingoitchuliratu kuti ndisathawe. Malo ako pa koleji pano ali pachiswe, ndipo amene wawaika pachiswepo ndi ine. Tatsala ndi masiku asanu ndi anayi oti tiwapulumutse. Koma undilole ndiyambe ndi nkhani zing'onozing'ono, mtimawu uyambe watsika.

Kukwaya zinthu sizili bwino. Chichokere iwe, anzako oimba alito akungoimba ngati akupepesa, ndipo mphunzitsi wa kwaya wandiuza kawiri kuti mawu anga akukwirira anthu khumi. Kale unkanditsina pachigongono ndikayamba kukuwa, pano palibe wonditsina. Ku kafiteriya anasintha mabenchi, tebulo lathu la pazenera analitengera kukhitchini, choncho ndimadya chiimire ngati munthu wodikira basi. Ketulo yathu ikugwirabe ntchito bola uipanikize ndi buku, ndipo buku lako la masamu lija lapeza ntchito yoliyenera. M'mawa ndimawiritsa madzi a makapu awiri. Ndayesetsa kuti ndizithira a kapu imodzi, koma dzanja silimva.

Basi, ndazungulira mokwanira.

Ukukumbukira m'mawa umene unanyamuka, masabata asanu ndi awiri apitawo? Unakhala pa bedi langa, chikwama chili pamiyendo, n'kulemba fomu yopempha kuti uimitse kaye maphunziro chaka chino, akusungire malo mpaka chaka chamawa. Unandipatsa m'manja n'kunena kuti, "Wailesi, mawa lomweli ukapereke ku ofesi ya kaundula. Usaiwale, ndimakudziwa iwe." Ine ndinalumbira kuti sindiiwala.

Manzere, sindinaiwale. Zikanakhala bwino ndikanaiwala, chifukwa woiwala amakhululukidwa msanga. Mawa lakelo ndinapita ndithu mpaka pakhomo la ofesi, fomu ili m'manja. Patsogolo panga panali mtsikana wina amene ankafunsa ngati m'hostelo mwapezeka bedi lopanda mwini. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti ndikangopereka pepalalo, bedi lako la m'mwamba lipatsidwa kwa wina, ku labu andipatsa mnzanga wina, ndipo iwe ukadzabwera udzakhala kalasi ya m'mbuyo. Ndinadziuza kuti amayi achira m'masabata awiri, iwe ubwera, ndipo udzandithokoza kuti sindinapupulume. Ndinabwerera kuchipinda n'kuilowetsa fomuyo pansi pa matiresi. Ndakhala ndikuigonera nthawi yonseyi.

Bodza limodzi limafuna anzake. A Metroni akamayendera zipinda Loweruka, ndinkayamba ndasokoneza bulangete lako, n'kunyowetsa thaulo lako lobiriwira lija n'kulipachika pamsomali. Akafunsa ndinkati wapita ku laibulale. Tsiku lina anati, "Mnzakoyu adzakhala pulofesa ndithu, laibulale yake yosatulukayo." Ndinaseka nawo.

M'kalasi namo ndinayamba kukusainira. Aphunzitsi ena pepala losainira saliyang'ana n'komwe, koma ukuwadziwa a Kalembera, mphunzitsi wathu wa kemisitire, amene tinawapatsa dzinali chifukwa chokonda kuwerenga anthu. Ndinatenga masiku atatu ndikuphunzira siginecha yako kuseri kwa kope, ndi dzanja lamanzere ngati mwini wake, chifukwa ndi lamanja zilembo zinkaima chilili pomwe zako zimagonera kumbuyo. Poyamba ndinkasaina mayina onse awiri. Kenako tsiku lina a Kalembera anawerenga mitu yathu ndi rula yawo ija, n'kuwerenga masiginecha, n'kunena kuti, "Tili ndi mlendo wosaoneka m'kalasi muno. Amene akumudziwa amuuze kuti azikhala kutsogolo." Kalasi yonse inafa ndi phwete. Kuyambira tsiku limenelo ankawerenga nthawi zonse, ndiye mutu umodzi unayenera kukhala ndi dzina limodzi.

Apa m'pamene ndinadziona wochenjera. Lamulo lawo ukulidziwa, wojomba koposa kasanu ndi kamodzi salemba mayeso. Maphunziro anali atatsala khumi. Ndinati ndigawe pakati, asanu ndisaine dzina lako, asanu langa, tonse tipulumuka. Ndipo popeza iwe umaikonda labu kuposa chakudya, masiku onse a labu ndinakupatsa iwe. Ndinkaima ndekha pa tebulo lathu, kutsuka mabotolo ndekha, kudontheza mankhwala ndekha mpaka madzi asinthe mtundu, kenako n'kulemba dzina lako ndi dzanja lamanzere. Ndikuuze zoona, mphindi imeneyo inkandikoma. Zinkakhala ngati wangotuluka pang'ono kukasamba m'manja.

Chimene ndinaiwala n'chakuti labu ndi ya maola atatu, ndipo a Kalembera amaiwerenga pawiri. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Lolemba anamata mndandanda wa ololedwa kulemba mayeso. Ndinayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereza. Dzina lako linalipo, lowala bwino. Langa panalibe. Iwe amene uli kutali ukusambitsa amayi unali wololedwa, ine amene sindinajombepo ngakhale tsiku limodzi ndinali wojomba kakhumi. Ndinakhala pansi pa masitepe n'kuyamba kuseka, ndipo sindikudziwa kuti kusekako kunasanduka liti kulira.

Masana a Kalembera anandiitanitsa ku ofesi kwawo. Anali atayala mapepala onse osainira pa desiki, rula ili pamwamba.

"Khala pansi, mwanawe," anatero. "Ine maso anga ndi okalamba, koma iwe ndimakuona tsiku lililonse pa mzere wachiwiri, ndipo ngakhale ndikanakhala wosaona ndikanakumva. Pepala likuti kulibe. Mnzako sindinamuone chiyambire mwezi watha, koma pepala likuti alipo. Ndikhulupirire maso kapena pepala?"

"Maso, bambo," ndinayankha.

"Nanga mnzakoyo anakutuma?"

"Ayi, sakudziwa n'komwe."

"Anakulonjeza kanthu?"

"Ayi, bambo. Ndimangofuna abwere."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anati, "Mapanga awiri avumbwitsa. Wafuna kusunga malo awiri ndi thupi limodzi, taona tsopano nonse muli pamvula. Ukudziwa kuti mwana wosowa masabata opitirira atatu popanda chilolezo amatengedwa kuti wathawa sukulu, ndipo amafufutidwa? Ndikakonza mapepalawa kuti anene zoona, mnzakoyo wapita. Bwanji sanalembe fomu pochoka?"

Manzere, ndikanatha kukhala chete. Anali asakudziwa za fomuyo, ndipo palibe wina aliyense amene ankadziwa. Koma ndinaona kuti ndikatseka pakamwa, mlandu wa kusasamala ugwera iwe, munthu amene unachita zonse m'dongosolo lake. Ndinathamangira kuchipinda, n'kutukula matiresi, n'kubwera nayo. Inali itakwinyika, ili ndi mizere ya mawaya a bedi, koma deti lako linkaoneka bwinobwino. A Kalembera anaiwerenga, n'kundiyang'ana, n'kupukusa mutu. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Anandiperekeza okha ku ofesi ya kaundula. Mayi a pawindo aja anaigwira fomuyo ndi zala ziwiri n'kufunsa kuti, "Imeneyi imachokera kuti, kudzala?" Anati nthawi yolandira mafomu otere inatha kalekale, zengerezu adalinda kwawukwawu. A Kalembera anawachonderera, ine nditaima kumbuyo kwawo. Mapeto ake anagwirizana chonchi, ndipo apa uwerenge mofatsa.

Komiti yoona za ophunzira ikumana Lachisanu la sabata yamawa, pa 21. Tsikulo lisanafike pakufunika zinthu ziwiri. Choyamba ndi kalata yolemba iwe mwini, ndi dzanja lako, yofotokoza tsiku limene unachoka, chifukwa chake, ndiponso kuti fomu unaisiya m'manja mwa ine. Chachiwiri ndi kalata ya kuchipatala yokhala ndi chidindo, yonena za matenda a amayi. Amalume ako abwerera kuno Lachiwiri, uwapatse zonse ziwiri, ine ndikawadikira pa depoti kuyambira m'mamawa. Zikafika, malo ako asungidwa mpaka chaka chamawa. Zikapanda kufika, dzina lako lifufutidwa.

Ndikukupempha chinthu chimodzi, usandikometsere m'kalatamo. Ndimakudziwa, uyamba kulemba zoti mwina sunandifotokozere bwino, kapena kuti unanyamuka mothamanga. Ayi. Ulembe kuti unandipatsa fomu m'manja, n'kundiuza kuti ndikapereke mawa lake. Ukandibisa ine, woluza ndi iwe. Yanga ndalemba kale, ili kwa a Kalembera, ndipo ndailemba ndi dzanja lamanja.

Za ine usadandaule kwambiri. Sandichotsa sukulu, a Kalembera anandilankhulira. Kungoti kemisitire chaka chino sindilemba, ndidzabwereza chaka chamawa, ndipo kalata yochenjeza ikhala m'faelo yanga mpaka ndidzamalize. Kunyumba sindinawauze. Bambo anaimba dzulo kufunsa ngati ndakonzekera mayeso, ine n'kuyankha kuti eya, kenako ndinayamba kuwafunsa za njinga yawo mpaka anaiwala. Ndiwauza ndikapita kutchuthi, maso ndi maso, chifukwa mabodza apansi pa matiresi ndatopa nawo.

A Metroni nawonso amva. Anangoti, "Ndiye laibulale ija inali imeneyi?" Mtsikana amene ndinamuona ku ofesi uja alowa m'chipinda chathu Loweruka likubwerali. Lero masana ndatsitsa katundu wako. Bulangete ndachapa, mabuku ndamanga ndi chingwe, nsapato zako zakuda ndazipaka polishi, zonse zili m'katoni kusitolo ya a Metroni, dzina lako lili pamwamba. Thaulo lobiriwira lokha ndi limene ndatsala nalo. Lili pamsomali pomwe paja, louma, ndipo ukalifuna unene.

Ndikudziwa kuti wakwiya, ndipo uyenera kukwiya. Iwe unali ndi amayi oti uwatembenuze pabedi, kuwadyetsa ndi kuwasambitsa, ndipo unandisiyira kanthu kamodzi kokha koti ndikuchitire, kapepala kopepuka ngati tsamba. Ine ndinayang'ana kusungulumwa kwanga n'kukuona kukula kuposa mavuto ako. Ndinkati ndikukusungira malo, koma zoona zake n'zakuti ndinkadzisungira iwe. Pepa, mnzanga. Ndakusowa kwambiri, ndipo kukusowako ndi kumene kwandipusitsa, koma sindikunena zimenezi kuti undimvere chisoni.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchita nacho manyazi kuchiganiza, komabe ndikuchiganiza. Potuluka mu ofesi muja a Kalembera anandiuza kuti obwereza amaphunzira limodzi ndi kalasi ya m'mbuyo. Ndiye kuti makalata ako akafika pa nthawi yake, chaka chamawa tonse tidzakhala m'labu imodzi, Lachinayi lililonse. Anzake a pa tebulo munthu amasankha yekha tsiku loyamba. Sindikukupempha kuti udzandisankhe. Ndidzaima pa tebulo lathu lomwe lija la pafupi ndi sinki, kumanja, ndipo mbali ya kumanzere ndidzaisiya. Ukadzapitirira n'kukaima pena, ndidzamvetsa, mabotolo ndinazolowera kale kutsuka ndekha.

Moni kwa amayi, uwagwire dzanja limene layamba kugwedezekalo m'malo mwa ine. A kukwaya onse akupereka moni, makamaka a alito, amene akuti ubwere usanawaiwale. A Metroni akuti uwapatse moni amayi, ndipo a Kalembera akuti ndikuuze kuti siginecha yako yeniyeni akuidikira. Uzidya, Manzere, ndikudziwa kuti ukamadwazika umaiwala m'mimba mwako. Lachiwiri ndili pa depoti. Ngakhale m'envulopumo musakhale mawu opita kwa ine ngakhale amodzi, bola makalata awiriwo akhalemo.

Pamunsipa uona pofufutidwa. Cholembera chinapezeka chili kudzanja lamanzere, ndipo ndinali nditalemba kale zilembo zitatu za dzina lako ndisanazindikire.

Ndine mnzako wa bedi lapansi,

Wailesi.