Kachitini ka Apongozi

Katete,
Juni 1958

Okondedwa amake Solomoni,

Moni wochuluka kwa inu ndi kwa mwana wathu. Kodi muli bwanji? Chifuwa chija chinamuleka Solomoni? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chalowa m'mafupa.

Kalata yanu a Josephat, amene munawatuma, anandipatsa. Mwalemba kuti amayi anu anabwerako kuno opanda mankhwala, ndipo mukawafunsa amangoti chipatala sichinawayanje. Funso lenileni simunalilembe, koma ndalimva. Mukuopa kuti ndinachita nawo manyazi pamaso pa anzanga, poti ndi a kumudzi, oyenda opanda nsapato. Si choncho ayi. Manyazi analipodi, koma anali a ine mwini. Lolani ndikufotokozereni bwinobwino, chifukwa amayi sadzakuuzani.

Pano timaphunzira m'magulu atatu. Atsikana amaphunzira unamwino. Anyamata ena amaphunzira kutsuka zilonda ndi kubaya jakisoni. Awiri, ine ndi Shadreck wa ku Sinda, anatiika m'kachipinda koyezera, chifukwa akuti maso athu ndi akuthwa. Muli makina otchedwa maikulosikopu. Ukasuzumiramo, kanthu kosaoneka ndi maso kamakula ngati njere ya mapira.

Zimene timayeza ndi magazi, makhololo, mkodzo ndi chimbudzi cha odwala. Makamaka chimbudzi. Wodwala amapatsidwa kachitini, amapita kuseri, ndipo amabwera nako kwa ife. Timatapa pang'ono ndi kamtengo, kupaka pa kagalasi, ndi kufunafuna mazira a njoka za m'mimba. Anzathu otsuka zilonda amatitcha asing'anga a zakuthengo. Pa chakudya amasendeza mbale zawo, amati tisambe kawiri tisanakhudze mchere.

Izi sindinakuuzenipo. Ndinkangolemba kuti ndikuphunzira za chipatala. Ndili kwanuko pa Khirisimasi, ana ankandithamangira akufuula kuti adokotala afika, amalume anu a Petro nandiyalira mphasa yatsopano. Ndinangomwetulira. Kunali kokoma kumva, ndipo sindinawongole.

Tsono amayi anafika ndi amalumewo pa lole ya mtedza, ine osadziwa. Ndamva kuti pachipata anafunsa kuti mkamwini wawo dokotala amakhala nyumba iti. Palibe anawazindikira. Anawalozera ku mzere wa odwala, namwino anawaona, nawapatsa kachitini ndi kuwauza khomo loti akakapereke.

Tsikulo anthu anali ambiri. Ndinali nditawerama pa makina, diso limodzi lili m'kati. Ndinamva munthu akugwada pakhomo, koma sindinadzutse mutu. Ndinalankhula monga tinazolowera, mwaliwiro, mawu omwe aja a aliyense. Ndinati ikani apo mayi. Kenaka ndinafunsa ngati chinali cha lero lomwe, ngati chinali cholimba kapena chamadzi, ndiponso ngati munali magazi. Pomaliza ndinakweza mawu, ndinati yankhani mayi, pano sitichita manyazi, kuthengo timapita tonse.

Amalume ndiwo anatsokomola panja. Ananena motsitsa kuti a Mbewe, amenewo ndi apongozi anu.

Amake Solomoni, inu mukudziwa mmene takhalira ine ndi amayi chikwatirane. Sitinadyerepo pamodzi. Nkhope yawo sindinaiyang'anepo. Tikakumana pa njira ya kudimba, ine ndimapatukira m'tchire mpaka adutse. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana, ine ndili kuseri kwa nkhokwe. Ndiye munthu yemweyo, amene ngakhale mawu ake sindiwadziwa bwino, ndinamufunsa zimene ngakhale inu sindingakufunseni.

M'kachipinda muja mulibe tchire lopatukirako. Ndinagwada kuseri kwa kabati, pakhoma, maso ali pansi, yunifolomu yanga yoyera ili m'fumbi. Shadreck atalowa anaganiza kuti ndikupemphera. Anafunsa ngati ndapeza njoka yaikulu chotani kuti mpaka ndiitanire Mulungu.

Amayi anatola kachitini kawo, anakafunditsa ndi nsalu, natuluka chafutambuyo. Cholakwa changa chachikulu chili apa. Ndikanatuma Shadreck nthawi yomweyo kuti awatsate, bwenzi atayezedwa tsiku lomwelo. Koma ndinakhalabe pakhoma paja, ndikuganiza za ine ndekha, za mmene nkhaniyi idzamvekere kumudzi. Podzuka n'kuti atakwera kale lole yobwerera.

Sisita amene amatiphunzitsa, mzungu, anafuna kudziwa chifukwa chake wodwala wathawa ndi chitini cha chipatala. Nditamufotokozera anayamba waseka, nati kwawo mkamwini ndi mpongozi amakangana pa tebulo limodzi. Ataona kuti ine sindikuseka analeka. Anandifunsa chimene ndinaona pa wodwalayo. Ndinati sindinaone kanthu, mkamwini sayang'ana. Anati ndiganize bwino.

Ndipo ndinakumbukira. Munthu woyang'ana pansi amaona mapazi. Mapazi a amayi ndi otupa mpaka m'akakolo, khungu lake lonyezimira. Pamene ankatola kachitini ndinaonanso chikhatho chawo, choyera ngati cha munthu wochokera kosinja.

Ndikuuzeni tanthauzo lake monga atiphunzitsira. Pali tinjoka ting'onoting'ono timene timakhala m'dothi lonyowa, monga la kudimba. Timaboola khungu la kumapazi, timayenda m'thupi mpaka m'matumbo, ndipo kumeneko timaluma ndi kuyamwa magazi tsiku ndi tsiku. Munthu samva kuwawa kwenikweni. Amangotopa, mtima umagunda akakwera kachitunda, mapazi amatupa. Ndikudziwa kuti ena kumudzi atchula kale za tsempho, ndipo posachedwa ayamba kufunafuna amene anathira mchere m'ndiwo. Sindikutsutsana ndi akulu m'kalata. Ndingoti odwala otere ndawaona ambiri chaka chino. Ofika msanga amamwa mankhwala m'mawa asanadye, amalandira mapilisi owonjezera magazi, ndipo mvula ikamagwa amakhala atagwira khasu. Ochedwa, mtima umatopa. Ena tawanyamula atamwalira.

Sindinganene motsimikiza kuti ndi njokazo popanda kuyeza. N'chifukwa chake ndikupempha kuti amayi abwerenso.

Takonza chotere. Mwezi wamawa gulu lipita ku midzi ya ku Sinda kukatemera anthu nthomba, ndipo Sisita wavomera kuti ine ndipite nawo sabata yonse yoyamba. Amayi akabwera sabata imeneyo sadzandipeza, ngakhale chithunzithunzi changa. Adzawalandira Mirriam, mtsikana wophunzira unamwino, waulemu kwambiri. Kachitini adzapereka kwa iye, osati pakhomo lija. Woyeza adzakhala Shadreck, ndipo walumbira kuti sadzandiuza zimene waona. Zonse zidzapita kwa Sisita.

Muwauzenso kuti mkamwini wawo si dokotala. Auzeni ntchito yanga monga ilili. Amalume auza kale anthu, ndikudziwa, ndipo ana adzandipekera dzina lina. Ndilandira. Ntchitoyi sindiisiya, chifukwa dokotala weniweniyo sapereka mankhwala asanamve kwa ife. Koma pobwera pa tchuthi ndidzatuma ankhoswe ndi nkhuku kukapepesa pakhomo pa amayi, chifukwa pakamwa panga panalakwa.

Mundiperekere moni kwa amalume a Petro, muwathokoze chifukwa cha kutsokomola kwawo kuja pakhomo. Moni kwa alamu anga a Flora ndi ana awo, ndi kwa onse a mumpingo. Kwa amayi sindikudziwa ngati moni wanga angaulandire tsopano. Mukaona kuti mtima wawo watsika, muupereke. Mulungu akusungeni nonse.

Chotsiriza ndi ichi, ndipo musangokhulupirira mawu anga. M'mawa kukawala, tengani kalilole, mukokere pansi chikope chanu chakumunsi ndi chala, muone m'kati mwake. Mudzapeza mofiira ngati m'kati mwa chivwende. Muchite chimodzimodzi kwa Solomoni, monga masewera, amayi akuona. Kenaka muwapemphe nawonso. Mukapeza moyera ngati chinangwa chosenda, musadikire kuti mtedza uthe kukumbidwa, funani lole.

Ine ndaphunzira kuona zimenezi kwa zaka ziwiri, koma m'maso mwa amayi sindingayang'anemo. Inu ndinu mwana wawo. Chonde kayang'aneni.

Ndine mwamuna wanu,
Nikodemo Mbewe