Ndinauza mmisiri kuti afufute zonse

Aphungu,

Amuna anga anamwalira masabata asanu ndi awiri apitawo, titakhala pabanja zaka makumi awiri ndi zitatu. Iwo anali ojambula mapulani a nyumba, ine ndimagwira ntchito mulaibulale ya pasukulu.

Atayamba kudwala, a kuntchito kwawo anawalola kubwera kunyumba ndi kompyuta imene ankagwiritsa ntchito. Ndi chimakina chakuda, cholemera ngati thumba la simenti, cha mtundu umene amagula maofesi a mainjiniya, osati zapanyumbazi. Tinachiika m'kachipinda ka kuseri komwe timasitira zovala. Ankakhala m'menemo masana onse atatseka chitseko, ngakhale masiku amene ine ndinalipo pakhomo. Maliro atatha, abwana awo anabwera ndi fulashi, n'kukopera mafayilo a ntchito, n'kutiuza kuti makinawo ndi akale, titsale nawo.

Tili ndi mwana womaliza, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu n'chimodzi. Bambo ake ankamutchula kuti Injiniya, chifukwa palibe wailesi m'nyumba muno imene sanaimasulepo. Chimwalirireni bambo akewo, mwanayu anangoti zii. Kudya ankadya, kusukulu ankapita, koma mawu ayi. Tsiku lina ndinamupeza atatsegula m'mbali mwa chimakinacho, akuunika m'kati ndi tochi ya foni. Anandifotokozera kuti makina oterewa ubongo wake ndi wamphamvu, chosowa ndi khadi loyendetsa zithunzi basi, ndipo titapeza ngakhale logwiritsidwa kale ntchito, akhoza kumasewererapo magemu amene anzake amasewera. Analankhula mphindi khumi zathunthu osapuma. Aphungu, tsiku limenelo akanandipempha ndege ndikanavomera.

Masabata atatu apitawo tinanyamula makinawo awiriwiri kupita nawo kwa mmisiri wa makompyuta, amene kashopu kake kali pakati pa telala ndi ometa tsitsi. Anali munthu waulemu. Anapopa fumbi, anaika khadi lija, anasinthanso bokosi la magetsi poti lakalelo silikanakwanitsa kulidyetsa khadilo. Iye ndi Injiniya ankatsutsana za mafani oziziritsira makinawo ngati anthu a msinkhu umodzi. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, disikiyi ndi yodzaza. Muli zofunika, kapena tifomate?"

Ndinayang'ana pa sikilini. Munali mafoda mazanamazana, lililonse dzina lake manambala okhaokha. Ndi mmene malemu ankagwirira ntchito: nyumba iliyonse nambala yake, osalemba dzina la mwini. Ndinatsegula atatu, onse mizeremizere ya makoma ndi mazenera a anthu ena. Kunena zoona, ndinali ndi kamkwiyo ndi mapulani amenewo, poti ndiwo anandilanda amuna anga miyezi yawo yomaliza. Ndinamuuza kuti afufute zonse, a ku ofesi anatenga kale zawo. Mmisiriyo anafunsanso kachiwiri, ine n'kubwereza zomwezo.

Sabata yathayi kunabwera anzawo a malemu, oyeza malo amene ankayenda nawo limodzi pantchito. Nthawi ya maliro anali kutali. Atapepesa, anafunsa, "Alamu, nanga nyumba yanu ija mwaiona?"

Sindinadziwe chimene akunena. Anandiuza kuti miyezi inayi yomaliza amuna anga sankajambula za ofesi ayi. Ankajambula nyumba yathu, imene tinayamba kuikamba tikukhala m'nyumba ya chipinda chimodzi, yokhala ndi chipinda cha mabuku anga choyang'ana kum'mawa. Akamaliza chipinda, ankajambula mawu awo pa maikolofoni, kufotokoza kuti ndi cha ndani ndiponso chifukwa chake achiika pamenepo. Nyumbayo anaipatsa nambala ngati ntchito ina iliyonse. Anzawowo akuti anawauza kangapo kuti andionetse, amuna anga n'kumayankha kuti ndidikire kaye, denga silinathe.

Ndinawathira tiyi alendowo, ndinawaperekeza mpaka pageti, osawauza chimene ndinachita.

Panopa Injiniya amasewera tsiku lililonse akaweruka kusukulu. Ndimamumva akuseka, akukalipira anzake pa mahedifoni kuti akuyendetsa galimoto ngati ngolo. Ndawerenga kuti zofufutidwa nthawi zina zimabwezeka, koma kuti chatsopano chilichonse cholowa pa disiki chimakwirira zakale. Ndiye iye akamaseka, ine ndimaima pakhomo ndi ayironi m'manja, n'kumadzifunsa kuti lero chakwiririka ndi chipinda chiti. Ndikamulanda makinawo ndiyenera kumuuza chifukwa chake, ndipo mwana wanga ndikumudziwa, adzati ndi iye anafufutitsa mawu a bambo ake chifukwa cha magemu. Ndikakhala chete, mawuwo atha ine ndikuonerera. Ndichite chiyani?

Ine,
Mayi E. N.

Mayi,

Pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Za mumtima tikamba m'munsimu, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene sichingadikire. Mukangomaliza kuwerenga yankho lino, kazimitseni makinawo, muzule pulagi pakhoma. Lero, osati Loweruka. Zimene mwawerengazo n'zoona. Kufomata kwachangu, kumene amisiri ambiri amachita, kuli ngati kutaya mndandanda wa mabuku mulaibulale yanu. Mabukuwo akadali m'mashelufu, koma aliyense wobwera ndi katundu watsopano akuona ngati malowo alibe mwini. Ndipo magemu ndi katundu wochuluka.

Mukatero bwererani kwa mmisiri uja. Mumufunse ngati anafomata mwachangu kapena anapukutiratu, komanso ngati m'makinamo muli disiki imodzi yokha. Makina a maofesi oterewa kawirikawiri amakhala ndi ziwiri, ndipo zimachitika kuti yachiwiriyo sinakhudzidwe n'komwe. Imbiraninso abwana aja kuti asafufute kanthu mu fulashi yawo mpaka mutaionamo. Ngati nambala inakusokonezani inu, ikhoza kukhala kuti inasokonezanso iwo, n'kukopera nyumba yanu limodzi ndi za makasitomala osadziwa.

Disiki yakaleyo ichotsedwe, muikulunge bwino, isagwe, isanyowe. M'malo mwake muike disiki yatsopano ya mtundu wa SSD, yaing'ono yomwe ikwana, mwana apitirize kusewera. Magemu ake athamanganso kuposa kale. Mukudzizunza ngati muyenera kusankha pakati pa kuseka kwa mwana ndi mawu a bambo ake, pomwe nkhani yake ndi ya sikuludalaiva ndi masikuluu anayi.

Yakaleyo mupite nayo kwa katswiri wobweza mafayilo, osati aliyense amene ali ndi shopu. Mumufunse kuti ayamba ndi chiyani. Akati ayamba waikopera yonse pa disiki ina n'kumafufuza pa kopeyo, musiyireni. Akati angoilumikiza n'kuyesa mwayi, tengani disiki yanu muzipita.

Tsopano za Injiniya. Muuzeni, ndipo mumuuze inuyo asanazindikire yekha. Mwana amene amaunika m'kati mwa kompyuta ndi tochi simungamunamize kuti disiki yangotopa. Muyambe ndi kunena kuti munalakwitsa ndinu, chifukwa amene anafunsidwa kawiri konse ndinu, osati iye. Alira, mwina akukwiyirani masiku angapo, ndipo ali ndi ufulu wotero. Koma mumupatse sikuludalaiva achotse yekha disikiyo, apitenso nanu kwa katswiri. Akakhala ndi chochita pa ntchito yopulumutsa mawu a bambo ake, sakhala ndi mpata waukulu wodziimba mlandu.

Inunso musadzisenzetse mlandu woposa umene mwapalamula. Munaona manambala, n'kuganiza za ofesi, monga akanaganizira aliyense wodziwa kagwiridwe ka ntchito ka amuna anu. Kamkwiyo kaja musachite nako manyazi. Munkafuna kukhala nawo pafupi, chitseko chili chotseka. Malemu nawonso analakwitsa podikira denga, ngakhale kuti anatero chifukwa chokukondani.

Chenjezo langa ndi ili: sindikulonjeza kuti zonse zibwerera. Mwina mupeza mapulani opanda mawu, mwina mawu oduka pakati, mwina simupeza kanthu. Choncho aitaneninso oyeza malo aja sabata yomwe ino, muwauze zoona zonse, akhale pansi ndi inu ndi mwana, pepala ndi pensulo zili patebulo. Iwo anaiona nyumbayo ndi maso, ndipo mutu wa munthu nawo umakwirira zakale tsiku ndi tsiku. Ajambule zimene akukumbukira, inu mulembe zimene anamva amuna anu akunena za chipinda chilichonse. Zimenezi musadikire yankho la katswiri kuti muziyambe.

Aphungu