Timadontho pa Chiuno cha Telala

Mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, iwe ndi ana. Kuno tilipo. Akundilembera ndi alamu ako, ndipo ndawauza kuti asawonjezere zawo.

Kuchipatala anandijambula m'chiuno, pomwe pali chotupa chija. Kompyuta ndiyo inalemba malire a malo oti awotche ndi cheza cha makina, kupewa chikhodzodzo ndi matumbo, adokotala n'kuona bwinobwino n'kuvomereza. Kenako anandiika timadontho tosafufutika pakhungu. Ndinaseka. Zaka zonse zija ndinkalemba nsalu za anthu ndi choko, lero alemba telala.

Ndinafunsa namwino kuti, "Kodi makina anuwa amasiyako kansalu kopinda?"

Iye anati, "Amasiyako pang'ono, agogo, poti munthu amagwedezeka."

Pomwepo ndinakumbukira iwe uli wamng'ono, ndikukuyeza diresi la kusukulu, ukuvinavina, mayi ako atakugwira mapewa. Ine sandigwira, ndimagona duu. Namwino amandiyamikira.

Usadandaule, ndikudya. Kungoti mathalauza anga ndawachepetsanso m'chiuno. Ukapeza mpata ubwere, usadikire tchuthi cha ana. Nsalu yabuluu ya mayi ako ija ilipobe, ndikufuna ndikuyeze ndekha.

Ndine,
Bambo ako