Makola Atatu ndi Chigayo cha Ngongole

Lolemba, 4 Febuluwale 1957

Mvula usiku wonse, denga la kukhitchini ladonthanso. Poyamba mwezi ndilembe za chuma monga mwa masiku onse.

M'kabuku kosungira ndalama ku Positi muli £72 6s. Izi ndi za sukulu ya Emily, mwana wa malemu mwana wanga, zaka zinayi pa £18 pa chaka. Sizikhudzidwa. Chimanga m'nkhokwe ziwiri, ngati matumba 16. Ng'ombe 14: zisanu pakhomo pano pa Chileka, zisanu kwa mnzathu a January ku Madziabango, zinayi kwa mng'ono wanga Salome kuseri kwa Lirangwe. Ndinazigawa chotero chaka chimene ndinasiya uphunzitsi, kuti matenda akalowa khola limodzi, awiri enawo apulumuke.

Chatsopano ndi chigayo cha pa Lirangwe chimene akuyendetsa mwana wanga Wilson. Mtengo £240. Ndinapereka £80, zotsala £160 ndi ngongole kwa Mmwenye wa ku Limbe, £10 mwezi uliwonse. Chikole ndi ng'ombe zonse 14, iliyonse anaiwerengera £12.

Madzulo kwabwera uthenga wochokera kwa a January. Thadzi lofiira la ng'ombe silikudya, latupa pansi pa makutu. Imodzi pa 14. Sindidandaula kwambiri.

Lachitatu, 6 Febuluwale

Thadzi lofiira lafa. Zatsala 13.

Chigayo dzulo chinapeza 4s 6d, mafuta anadya 3s. Wilson akuti ndisayang'ane Febuluwale chifukwa anthu alibe chogaya, ndidikire Epulo. Ndikudziwa. Koma Mmwenye saona mwezi wa njala, iye £10 ndi £10.

Lachisanu, 8 Febuluwale

Salome wafika wapansi, matope mpaka m'mawondo. Asanakhale n'komwe: "Achemwali, ziwiri zanu zikulira misozi, thovu m'mphuno. Ndi yanga yomwe yayamba."

Ndamufunsa kuti zingatheke bwanji, Madziabango ndi kwa iye kutalikirana chonchija. Wandiyang'ana ngati mwana wa Sitandade 1 amene wadziwa samu mphunzitsi asanaidziwe. "Inu, mwaiwala? Si zinagonera pamodzi mwezi watha?"

Zoona. Kalaliki wa Mmwenye, a Ackim, anakana kupalasa njinga makola atatu m'matope kukaona chikole. Anati zibwere malo amodzi. Wilson anabwereka khola la munthu wina pafupi ndi msika wa Lirangwe, zonse 14 zinakhala m'menemo sabata yathunthu kudikira kuti a Ackim apeze mpata. Zinadya msipu umodzi. Kenako iliyonse inabwerera kwawo.

Zaka khumi ndi chimodzi zili padera, sabata imodzi pamodzi. Salome ndamupatsa tiyi ndi mbatata, ine sindinadye.

Lamulungu, 10 Febuluwale

Kutchalitchi nyimbo zinayi, sindinamve ulaliki. Kwa Salome imodzi yapita. 12.

Lachiwiri, 12 Febuluwale

Wa vetenale wafika pa njinga, mnyamata waulemu wa ku Zomba. Watembenuza khutu la nkhunzi yanga, nkhupakupa zili ndandanda. Akuti ndi chigodola, chimayenda ndi nkhupakupa, ndipo mankhwala ochiza palibe. Mwini khola lija la pa Lirangwe sanapititse ng'ombe zake ku dibi chiyambire mvula, akuti dibi ndi za boma la Chitaganya. Zake zinazolowera, sizifa. Zanga ndi zimene zinali alendo.

Waletsa kutulutsa ng'ombe m'makola onse atatu mpaka atanena. Ndamufunsa kuti pa khumi zogwidwa zimachira zingati. Wazengereza, ndamuuza kuti ndaphunzitsa samu zaka makumi atatu, sindikomoka ndi nambala. Akuti ziwiri, mwina zitatu.

Pakhomo pano ziwiri zasiya kubzikula.

Lachinayi, 14 Febuluwale

Che Amadi ogulitsa nyama pa Lirangwe abwera kudzandipepesa, atero. Akhala pakhonde, chipewa pabondo, maso ali kukhola.

"Aphunzitsi, zili bwinozo bwanji osazisandutsa ndalama zisanagone? £5 imodzi, ndiphera pompano, wa vetenale aone yekha nyamayo."

Ndati ng'ombe ya £12?

"Ya £12 inali ya mwezi watha, mayi. Ya sabata yamawa ndi chikopa, 6s."

Sananame. Ndikadakhala ndekha ndikadagulitsa zinayi lero lomwe, £20 m'manja. Koma pepala la Mmwenye likuti chikole sichigulitsidwa popanda iye. Ng'ombe zanga, khola langa, koma sindingathe kuzigulitsa zikufa ndikuona. Che Amadi amwa thobwa makapu awiri, afunsanso kuti chigayo chikuyenda bwanji, injini ndi ya mphamvu zanji. Ndayankha mwachidule.

Loweruka, 16 Febuluwale

9. Ziwiri kwa a January, imodzi pano. A January yawo ya mkaka yafanso, ndipo inalibe ngongole ndi munthu. Sananene mawu oipa. Zikatha izi, ngati padzatsale kamwana ka ng'ombe, n'kawo.

Masana a Ackim, nsapato zopukuta, mathalauza omanga ndi zomangira za njinga. Tsopano matope sakuwaopa. Andiwerengera ndime yachisanu ndi chiwiri ya pepala, imene ndikuidziwa pamtima: ng'ombe ya chikole ikafa, ndiike £12 m'malo mwake mwezi usanathe. Zisanu ndi £60, kuphatikiza £10 ya mwezi, £70.

"Bwana amva kuti muli ndi kabuku ka ku Positi, mayi. Akuti musavutike, n'kokwana."

Ndafunsa kuti bwana amva kwa yani. Ayang'ana nkhuku.

Lolemba, 18 Febuluwale

Wilson wabwera. Ndi iye anauza a Ackim za ku Positi, sanakane.

Mawu ake, monga ndikuwakumbukira: chimanga m'minda chaka chino chabereka kuposa zaka zonse. Kuyambira Epulo chigayo chizipeza £1 10s patsiku, mafuta atachotsedwa kale. Ndalama zimene tipereke panopa sizitayika, zikuchepetsa ngongole. Pofika Seputembala kabuku kadzadzaza monga kale. "Amayi, tikungobwereka kwa Emily miyezi isanu ndi umodzi basi. Ndi mwana wa mlongo wanga, ndingamudyere ine?"

Samu yake ndi yolondola, ndaibwereza kawiri atapita. Koma ndi samu ya chaka chimene palibe chothyoka. Ndamufunsa: lamba akaduka mu Meyi, tigula ndi chiyani? Injini ikafuna chitsulo cha ku Salisbury, milungu isanu ndi umodzi chigayo chili chete, £10 ichokera kuti? Wina akaika chigayo chake ku Lunzu? Ng'ombe zotsala zikapitirira kufa?

"Inu mumangowerenga zoipa zokhazokha."

Ndati zabwino sizifuna kuwerengedwa, zikabwera tidya. Wati bambo ake akadakhalapo sakadaopa chonchi. Ndati bambo ako anasiya ng'ombe zitatu ndi njinga yopanda tcheni. Sindikadayenera kutero. Wapita osatsanzika.

Lachitatu, 20 Febuluwale

Ndatsegula nkhokwe. Chinthu chimodzi chokha chimene chakwera mtengo mwezi uno ndi chimanga. Dzulo ndi lero anthu pa mzere ndi zitini. Ena ndi ana anga a m'kalasi, tsopano ali ndi imvi. Mmodzi wati, "Aphunzitsi, mtengo umenewu mwaphunzira ku Limbe?" Onse aseka, nanenso ndaseka, koma ndamuonjezera mbale imodzi yokha.

£31 4s. Ndasiya matumba awiri akudya.

Ng'ombe zatsala 8.

Lachisanu, 22 Febuluwale

Zatsala 7, zafa 7. Tsopano ndi £84 kuphatikiza £10, £94. Kuchotsa za chimanga, zotsala pafupifupi £63. Loweruka lija kabuku kakadataya £39, lero £63, sabata yamawa kaya. Dzenje likukula ndili chiimire m'mphepete.

Ndayesa njira zitatu papepala. Yoyamba, ndipereke zonse za ku Positi, chaka chiyende bwino: Seputembala tili ndi chigayo, kabuku kabwerera. Yachiwiri, ndipereke zonse, china chithyoke: chigayo chilandidwa, ng'ombe zotsala zilandidwa, Emily abwerera kumudzi. Yachitatu, ndibweze chigayo tsopano: £80 yanga yapita, Wilson alibe ntchito, Emily aphunzira.

Yoyamba ndikuiona kuti ingachitike kasanu ndi kawiri pa khumi. Ndi yochuluka. Ndikadakhala ndi zaka makumi anayi ndikadaitenga. Koma katatu kotsalako sikagwera ine kapena Wilson.

Loweruka, 23 Febuluwale

Emily watulukira masana, yunifolomu yonyowa, si nthawi ya tchuthi. Amalume ake anapita kusukulu Lachinayi, anamupempha kwa a hedi kuti kunyumba kuli vuto.

Wagwada pakhomo la chipinda. "Agogo, amalume andifotokozera zonse. Ndipume chaka chimodzi, ndizilemba za ndalama kuchigayo. Samu ndimaitha. Chaka chamawa ndibwerera."

Ndamufunsa kuti mwa atsikana amene anapuma chaka chimodzi akudziwa angati anabwerera. Waganiza. Watchula mmodzi, kenako wakumbuka kuti ameneyo anabwerera kudzatenga bulangete lake.

"Koma amalume alira, agogo. Sindinawaonepo akulira."

Ndamuuza asinthe zovala, adye. Mawa akwera basi ya m'mawa, 1s 9d ndapereka kale. Wagona m'chipinda mwanga. Dzanja lake la kumanja lili ndi inki pachala chapakati, pamalo pomwe changa chinali nayo.

Lolemba, 25 Febuluwale

Limbe. Basi inatitimira kawiri. Kabuku ka ku Positi ndinakasiya kunyumba dala, kuti pakamwa panga pasapereke chimene manja alibe.

Mmwenye ndi munthu wofatsa, anandipatsa mpando ndi tiyi wa zonunkhira. A Ackim amatanthauzira ngakhale Chingerezi changa chimaposa chawo. Ndinati ndikubweza chigayo, amasule ng'ombe. Anati ndikulakwitsa, kukolola kuli pafupi, andidikira mpaka pa 15 Malichi ngati ndisiya kabuku m'manja mwake. Ndinati ayi. Anati injini yagwira ntchito, si yatsopanonso, pa £80 yanga sabweza kanthu. Ndinatulutsa pepala la maola amene yagwira, 61 okha. Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Anavomera kubweza £20.

Ndasayina. £60 yapita m'milungu isanu ndi umodzi, osawerengera ng'ombe. Pobwerera ndinayang'ana minda kuyambira Chirimba mpaka kwathu. Chimanga chabereka ziwiriziwiri. Ndinasiya kuyang'ana.

Lachiwiri, 26 Febuluwale

Ndamuuza Wilson pashedi ya chigayo. Anali kupukuta injini ndi nsanza. Sanasiye kupukuta. Mkazi wake ndi amene wayankha: "Zikomo, amayi, tamva." Ana awo atatu anali pomwepo.

Loweruka, 9 Malichi

Kufa kwaleka. Zatsala 6: zitatu pano, ziwiri kwa a January, imodzi kwa Salome. Kamwana kakuda ndawapatsa a January, ndiye 5.

Lole ya Mmwenye sinabwere kudzatenga injini. Salome ndi amene wandiuza chifukwa chake. Che Amadi anapita ku Limbe tsiku lotsatira ine, agula chigayo pomwe chilili, £170, theka ndalama theka ngongole. Shedi ya Wilson agula £6. Afunanso munthu woidziwa injini.

Ku Positi ndaika £20 ya Mmwenye ndi £25 ya chimanga. Fizi ya Emily ya chigawo chino ndatumiza.

Loweruka, 6 Epulo

Ufa unatha, msana sulola mtondo. Ndinatenga chitini chimodzi cha chimanga, basi mpaka Lirangwe.

Phokoso ndinalimva ndisanatsike. Mzere unafika pamsewu. Sindinafune kuwerenga, koma ndinawerenga: zitini 47 patsogolo panga, pa sikisi (6d) chimodzi, ndipo dzuwa linali lisanafike pamutu. Wilson sananame pa Epulo. Che Amadi anali pampando pamthunzi, anandivulira chipewa, anati aphunzitsi asaime pamzere, apite kutsogolo. Ndinati ndiima.

Nditafika, Wilson anali woyera ufa mpaka nsidze. Amalandira 2s 6d patsiku, wandiuza Salome. Ananyamula chitini changa osandiyang'ana, anathira, anagwedeza thumba, anamanga. Ndinati Emily wakhala wachiwiri m'kalasi pa mayeso. Kaya anamva m'phokosomo.

Anatambasula dzanja. "Sikisi, amayi."

Ndinamasula mfundo ya mpango, ndinamupatsa. Anaiponya m'chitini cha Che Amadi, n'kuitana wotsatira.